MSEWU WA KUM'MAWA NDI MLIRI UMENE TAUZOLOWERA

Aliyense wofuna kupita ku Cigawo ca Kum'mawa kucokera ku Lusaka ali ndi njira imodzi yaikulu: msewu wa Great East, umene pamapu umalembedwa kuti T4. Kucokera ku likulu la dziko kukafika ku Chipata ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 570, ndipo kupitirira pang'ono munthu amafika pa Mwami, pa malire a dziko la Malawi. Pa msewu umenewu pamadutsa cimanga, nshawa, thonje ndi fodya popita ku misika. Pamadutsa feteleza ndi mafuta pobwerera ku midzi. Pamadutsanso ana opita ku sukulu, akwati, odwala, ndi khamu lopita ku Nc'wala mu Febuluwale ndi ku Kulamba mu Ogasiti. Palibe banja la Kum'mawa limene silinakhalepo ndi wacibale pa msewu umenewu, ndipo ndi mabanja ocepa amene sanalirepo cifukwa ca iwo.

Tikukupemphani, okondedwa awerengi, kuti muyende nafe ulendo wa pabasi kucokera ku Lusaka mpaka ku Chipata. Tiona mapiri, mitsinje ndi misika, koma tionanso matenda amodzi amene dziko lathu lawazolowera mwakuti lidasiya kuwachula kuti ndi matenda.

Mliri wa kolera utabuka m'caka ca 2023 ndi kupitirira mpaka mu 2024, udapha anthu oposa 700 mu Zambia. Dziko lonse lidagwedezeka. Masukulu adacedwa kutsegulidwa, bwalo la masewera la National Heroes ku Lusaka lidasanduka cipatala, ndipo m'machalichi tidalangizidwa za kusamba m'manja. Zonsezi zinali zoyenera. Koma malinga ndi ziwerengero za apolisi, m'zaka zaposacedwapa ngozi za pamsewu zakhala zikupha anthu pafupifupi 2,000 caka ciliconse m'dziko lathu lino. Ameneyu ndi kolera wamkulu kuwirikiza pafupifupi katatu, wobwera caka ndi caka osaphonya. Komabe palibe amene amagwedezeka. Timaika maliro, n'kukwera basi yomweyo pobwerera kwathu.

Kucoka mu Lusaka

Mabasi a Kum'mawa amanyamuka m'bandakuca pa siteshoni ya Intercity. Basi isanayambe ulendo, kawirikawiri munthu wina amaimirira pakati, napempherera apaulendo onse. Nafenso tidacita cizindikiro ca mtanda, ndipo amai ena adatulutsa korona. Koma titayang'ana m'mipando, tidaona kuti ngakhale malamba analipo, omanga anali owerengeka. Malamba ambiri anali atakankhiridwa pansi pa mipando, ena atamangirira katundu. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, limanena kuti lamba amacepetsa pafupifupi ndi theka ciopsezo ca imfa kwa munthu wokhala m'galimoto. Kupemphera ndi kumanga lamba sizitsutsana iai. Mlimi wopempherera mvula amakhala atalima kale munda wake.

Msewu umatuluka mu mzinda kudutsa pa yunivesite ya UNZA, pa cipatala ca Levy Mwanawasa ndi pa mphambano yopita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Kunja kukamaca, m'mbali mwa msewu mumadzaza anthu: amai osenza ndiwo kupita ku msika, ana a sukulu ogwirana manja, abambo okankha njinga zolemedwa ndi matumba a makala. Kufikira ku Chongwe, makilomita pafupifupi 45 kucokera ku Lusaka, munthu amazindikira msanga kuti ogwiritsa nchito msewu ambiri sali m'galimoto. Ali pansi, ndipo palibe citsulo cowachinjiriza.

Lipoti la WHO la caka ca 2023 lidaonetsa kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa misewu ya dziko lonse lapansi caka ciliconse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi a njinga zamoto. Imfa 92 mwa 100 zilizonse zimacitika m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, ngakhale kuti maikowa ali ndi magalimoto 60 okha mwa 100 alionse a pa dziko lapansi. Afrika ndiye ali patsogolo pa kuculuka kwa imfazi poyerekeza ndi ciwerengero ca anthu ake. Cina cowawa mtima koposa ndi ici: pakati pa ana ndi acinyamata a zaka 5 mpaka 29, ngozi za pamsewu ndizo zimapha ambiri kuposa matenda ena alionse. Munthu amene sadzagula galimoto moyo wake wonse ndiye amene kawirikawiri amaphedwa ndi galimoto.

Mapiri a Manenekela

Tikapitirira Chongwe ndi akasupe a madzi otentha a ku Chinyunyu, nyumba zimayamba kucepa ndipo chire limakula. Kufika ca ku Rufunsa dziko limasintha. Msewu umakwera ndi kutsika, kukhota kumanja ndi kumanzere, mbali ina phiri, mbali ina phompho. Awa ndi mapiri a Manenekela, amene dzina lake limadziwika kwa dalaivala aliyense wa njira imeneyi. Malowa ndi okongola zedi. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala mitengo ya miombo imaphuka masamba ofiira ndi acikasu, ndipo mapiri amaoneka ngati avala nsalu yatsopano. Koma amene wakhala ku zenera amaonanso zina: zitsulo zochinga m'mbali mwa msewu zitapindika, magalasi ophwanyika akunyezimira m'udzu, ndi zigoba za magalimoto zocita dzimbiri pansi pa phompho.

Pa malo otsetsereka otere galimoto yolemera imafunika kutsika ndi giya yaing'ono. Dalaivala akadalira mabuleki okha, amatentha, ndipo akatentha amaleka kugwira. Lole yonyamula katundu wopyola muyezo imatenthetsa mabuleki msanga koposa. Pa makhota ena tidapeza nthambi za mitengo zitayalidwa pa msewu, cizindikiro cathu cakale cosonyeza kuti kutsogolo kuli galimoto yowonongeka. Masana nthambi zimaoneka. Usiku, kapena mvula ikugwa, dalaivala amaziona atafika kale. Ndipo galimotoyo ikakonzedwa n'kucoka, nthambi ndi miyala zimasiyidwa pomwepo, kukhala msampha kwa wobwera pambuyo.

M'dera lomweli, m'boma la Rufunsa, muli cipatala ca mishoni ya Katolika ca Luka Woyera ku Mpanshya. Kwa ambiri ovulala m'mapiri amenewa, kumeneku ndiko kumene amayamba kulandira thandizo, popeza zipatala zazikulu za ku Lusaka zili kutali, ulendo wa maola angapo. Apa ndi pamene timamvetsa cifukwa cake ngozi zili nkhani ya zaumoyo. Basi imodzi ikagubuduka, cipatala caching'ono cimalandira anthu makumi angapo nthawi imodzi. Magazi amene anasungidwira mai wobereka amatha usiku womwewo. Munthu wothyoka fupa la nchafu angathe kugona pa bedi milungu yambiri, bedi limene likadathandiza odwala malungo ambirimbiri. Wovulala msana kapena mutu mwina sadzagwiranso khasu. WHO imati pa dziko lonse anthu pakati pa 20 ndi 50 miliyoni amavulala pa msewu caka ciliconse, ambiri a iwo n'kulumala, ndipo maiko ambiri amataya pafupifupi 3 peresenti ya cuma cao ca pa caka cifukwa ca ngozi. Ku mudzi ciwerengero cimeneci cimaoneka motere: ng'ombe yagulitsidwa kuti ilipire ulendo wa ku cipatala, mwana wasiya sukulu, munda wagonera.

Pa mlatho wa Luangwa

Titatsika mapiri, mphepo yotentha ya m'cigwa idatilandira. Mabasi ambiri amaima pa msika wa pa Luangwa, makilomita pafupifupi 230 kucokera ku Lusaka. Pano pali nsomba zouma zoyalidwa pa matebulo, madengu, mphasa ndi zipewa zoluka, ndipo apaulendo amatsika kukaongola miyendo ndi kugula zokapatsa a kumudzi. Patsogolo pang'ono pali mlatho wochuka wa Luangwa, wolendewera pa zingwe zacitsulo, umene udatsegulidwa m'caka ca 1968. Pansi pake mtsinje umayenda mwakacetecete kupita kukathira mu Zambezi, ndipo dziko la Mozambique lili pafupi pomwepo. Ukaoloka mlathowo walowa m'Cigawo ca Kum'mawa.

Malo opumira otere ndi dalitso, pakuti kutopa ndi mdani wamkulu wa dalaivala. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Dalaivala akasinza masekondi atatu okha, basi yayenda mtunda wotsala pang'ono kufanana ndi bwalo la mpira popanda woiyendetsa. Cimodzimodzinso ndi woyang'ana pa foni: akatswiri amati wogwiritsa nchito foni akuyendetsa ali pa ciopsezo ca ngozi kuwirikiza pafupifupi kanai. Nanga mowa? Umacedwetsa maso ndi phazi, uku ukum'namiza munthu kuti ali bwinobwino. Ndipo mowa susankha dalaivala yekha. Woyenda pansi ataledzera, usiku, atavala zakuda, nayenso amadziika pa ngozi.

Dziko lathu lili ndi masiku amene sitingawaiwale. Mu Epulo 2005, lole yonyamula ana a sukulu ku Kawambwa idagubuduka, ndipo ana oposa 40 adataya moyo. Pa 7 Febuluwale 2013, basi ndi lole zidaombana ku Chibombo pa msewu wa Great North, ndipo anthu oposa 50 adafa. M'caka ca 2016, zitacitika ngozi zina zoopsa, boma lidaletsa mabasi ndi malole kuyenda usiku kuyambira 21 koloko mpaka 5 koloko m'mawa. Bungwe la RTSA, loona za mayendedwe ndi citetezo ca pamsewu, lidakhazikitsidwa ndi lamulo la caka ca 2002. Malamulo alipo ndithu. Koma lamulo limene limatha mphamvu pamene dzanja lina lapereka kandalama ndi lina lalandira, silingapulumutse munthu. Wopereka ndi wolandira onse awiri agulitsa moyo wa amene ali m'galimotomo.

Msewu wosalala

Kucokera pa mlatho msewu umakweranso mapiri kupita ku Kacholola, kenaka n'kufika ku Nyimba, kumene nthoci zimagulitsidwa mikokomikoko m'mbali mwa msewu. Akuluakulu amakumbukira mmene gawo ili linalili ndi maenje. M'zaka za m'ma 2010 msewu wocokera pa Luangwa kukafika ku Mwami udamangidwanso, ndi thandizo la European Union ndi mabanki a citukuko, monga mbali ya njira yopita ku doko la Nacala ku Mozambique. Ulendo udafupika ndipo matayala adapuma. Koma walira mvula walira matope: msewu wosalala umaitana liwiro, pamene midzi, masukulu ndi misika zikadali pomwepo m'mbali mwake.

Liwiro silikhululuka. Akatswiri a WHO amati liwiro likakwera ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 100, ciopsezo ca ngozi yakupha cimakwera ndi magawo anai. Munthu woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola, ciopsezo cakuti afe n'cacikulu kuwirikiza kanai ndi theka kuposa akagundidwa pa makilomita 50. Kwa dalaivala kusiyana kumeneku n'kocepa, phazi kungotsika pang'ono. Kwa mwana woloka msewu ndiko kusiyana kwa cipatala ndi manda.

Pa gawo limeneli la ulendo wathu, dalaivala adayamba kupikisana ndi basi ina pofuna kukafika msanga kwa okwera a patsogolo. Adapitirira lole pa malo okwera pamene kutsogolo sikunkaoneka. Mai wina wacikulire adakweza mau nati: "A dalaivala, cepetsani liwiro, mwana wanga. Mwanyamula anthu, simunanyamule matumba a cimanga." Anyamata ena kumbuyo adaseka, wina nati: "Agogo, khalani cete, ife tikufulumira." Koma bambo wina adagwirizana ndi maiyo, kenaka enanso awiri, ndipo mau ataculuka dalaivala adabweza phazi. Palibe wapolisi amene analipo. Cimene cidasintha kayendedwe ka basiyo ndi mau a mai mmodzi ndi anthu ocepa amene adakana kum'siya yekha. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Tidafika ku Petauke mocedwerapo ndi mphindi zowerengeka, tonse amoyo.

Petauke, Sinda, Katete

Kuyambira ca ku Minga, kumene kuli mishoni yakale ya Katolika ndi cipatala cake, dziko limatambasuka ndipo midzi imayandikana. Kuno msewu ndi wa onse: ngolo za ng'ombe, mbuzi, nkhumba, ana oweta ziweto, ndi njinga zosawerengeka. Kum'mawa ndi kwao kwa njinga, ndipo kwa zaka zambiri njinga zakapalasa zakhala zikunyamula anthu ndi katundu. Tsopano njinga zamoto zaculuka. Zathandiza kwambiri, zimafikitsa wodwala ku cipatala kucokera ku midzi kumene galimoto siingafike, ndipo zapatsa anyamata ambiri nchito. Koma tidaona njinga imodzi itanyamula bambo, mai, mwana kumsana ndi thumba la ufa, onse opanda cisoti. Tidaonanso ena atapacika cisoti pa cigongono. Mutu wa munthu ukagunda phula susiyana ndi dzungu. Cisoti cabwino, comangidwa bwino pa cibwano, cimacepetsa kwambiri imfa ndi kuvulala kwa ubongo, ndipo mtengo wake sufika pa mtengo wa bokosi la maliro.

Madzulo ngozi imakula. Ngolo yopanda conyezimira kumbuyo, njinga yopanda nyale, munthu wovala zakuda, zonsezi dalaivala amaziona mocedwa, makamaka pamene nyale za galimoto ina zikum'thobwa m'maso. Kansalu konyezimira ka mtengo wocepa, komata pa ngolo, pa njinga kapena pa cikwama ca mwana wa sukulu, kamaoneka patali. Woyenda pansi ayende ku dzanja lamanja la msewu, kuti aziyang'anizana ndi magalimoto obwera.

Ku Katete kuli cipatala ca St Francis, cimene cidayamba m'caka ca 1948 ndipo cimayendetsedwa mogwirizana ndi mipingo ya Anglican ndi Katolika. Madotolo a zipatala zotere amadziwa kuti moyo wa wovulala umadalira kwambiri zimene zimacitika asanafike kwa iwo. Kuno kwathu woyamba kufika pa ngozi sakhala namwino. Amakhala mlimi, wogulitsa nthoci kapena wapaulendo mnzathu. Conco n'kofunika kuti tonse tidziwe zocepa izi. Coyamba, cenjezani magalimoto ena kuti pasacitike ngozi yaciwiri, ndipo itanani thandizo. Pamene pakutuluka magazi, panikizani ndi nsalu yoyera osaleka. Amene mukum'kaikira kuti wavulala khosi kapena msana musam'pinde kapena kum'koka; ngati n'kofunika kum'suntha, munyamuleni anthu angapo, mutu ndi thupi zili moongoka. Wokomoka koma akupuma agonekedwe cam'mbali mosamala kuti asatsamwe. Wovulala kwambiri musam'patse madzi kapena cakudya. Msamariya wacifundo wa mu Uthenga Wabwino wa Luka adapeza munthu wovulala pa msewu, namanga mabala ake ndi kum'nyamula. N'zomvetsa cisoni kuti masiku ano ena amathamangira pa ngozi kukatola katundu kapena kujambula ndi foni anthu amene akulimbana ndi imfa.

Ku Chipata

Dzuwa litapendeka tidaona mapiri ozungulira Chipata ndi cipata colandira alendo pa khomo la mzinda. Basi idaima, anthu natsika, aliyense ndi katundu wake. Ponseponse panamveka mau amodzi: "Tayenda bwino, Mulungu watisunga." Ndi zoona, ndipo n'koyenera kuthokoza. Koma pali mau ena amene timawanena pa maliro a ngozi, ofunika kuwaganizira bwino: "Nthawi yake inakwana." Ena amati pa malo akutiakuti pali mizimu yofuna magazi, kapena kuti wakufayo adalodzedwa. Mau otere amatonthoza kwa kanthawi, koma amabisa tayala lakutha, botolo la mowa, liwiro ndi ciphuphu. Amaika pa Mulungu mlandu umene uli wathu. Kale makolo athu ankanena comweco za nthomba, koma katemera atabwera nthomba idatha pa dziko lonse, ndipo mu 1980 zidalengezedwa kuti yatheratu. Ngozi za pamsewu nazonso zili ndi zoziyambitsa zodziwika ndi mankhwala odziwika. N'cifukwa cake bungwe la United Nations lidaika colinga cakuti pakati pa 2021 ndi 2030 imfa ndi kuvulala kwa pamsewu zicepetsedwe ndi theka.

Eklezia sadakhale cete pa nkhaniyi. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2290, pofotokoza lamulo lacisanu la Mulungu, amaphunzitsa kuti amene amaika moyo wao ndi wa anzao pa ngozi pa msewu cifukwa ca kuledzera kapena kukonda liwiro amapalamula mlandu waukulu. M'caka ca 2007 ku Vatican kudatuluka cikalata ca malangizo a ubusa wa pa msewu, cokumbutsa oyendetsa magalimoto kuti ciongolero nacho ndi malo oonetsera cikondi ca pa mnzathu. Korona wolendewera pa galasi ndi cithunzi ca Christopher Woyera, nkhoswe ya apaulendo, si zithumwa. Ndi zikumbutso zakuti amene ali kutsogolo kwa galimoto yathu ndi cifaniziro ca Mulungu.

Boma lili ndi udindo wake: kumanga njira za oyenda pansi ndi zitunda zocepetsa liwiro pafupi ndi masukulu ndi misika, kukonza zikwangwani, kuyesa magalimoto moona mtima, ndi kuika ma ambulansi pa misewu yaikulu. Eni mabasi ali ndi udindo wopatsa madalaivala nthawi yopuma, osawalipira mowakakamiza kuthamanga. Koma gawo lathu silidikira ndalama za boma. Parishi ikamatumiza kwaya kapena ana ku msonkhano, isawakweze pa lole yotsegula kumbuyo pofuna kupulumutsa ndalama. Mphakati ungathe kusankha akulu osinthana kuolotsa ana pa msewu m'mawa. Acinyamata athanzi angapereke magazi ku cipatala. Ndipo aliyense wa ife, akakhala m'basi yothamanga mopyola, ali ndi pakamwa.

Mwezi wa Novembala timapempherera mizimu ya abale athu omwalira. M'mwezi womwewo, Lamulungu lacitatu, dziko lonse limakumbukira amene adafa pa ngozi za pamsewu, tsiku limene United Nations idalivomereza m'caka ca 2005. Cingakhale cinthu cabwino kuti pa tsikulo, m'parishi iliyonse ya m'mbali mwa msewu uwu, kuyambira ku Chongwe mpaka ku Mwami, maina a akhristu anzathu amene adathera pa msewu awerengedwe pa Nsembe ya Misa. Mndandanda udzakhala wautali kuposa mmene tikuganizira. Tikadzaumva, tidzakumbukire mwambi wa makolo wakuti caona mnzako capita, mawa cili pa iwe, ndipo potuluka m'chalichi aliyense adzadzifunse cimene angacite kuti caka camawa mndandandawo usaonjezeke.